Kalongedwe ka katundu pa njinga: buku lifike louma, mwana afike bwino



Kuno ku Kasungu malo ambiri ndi achidikha, choncho njinga yakapalasa ndiyo imafikitsa ophunzira athu ambiri kusukulu. Koma tikaima pageti m'mawa timaona zodetsa nkhawa: wina wakoleka chikwama pahandulo, wina wagwira makope kudzanja limodzi uku akupalasa, wina wamanga Qur'an pamodzi ndi nsapato zampira. Nkhani ino ikufotokoza momwe tingalongere katundu wa tsiku ndi tsiku kuti asaonongeke komanso asatigwetse.

Katundu akhale kuti?

Malo abwino ndi kumbuyo, pakaliyala. Njira yoposa zonse ndi zikwama ziwiri zolumikizana pamwamba, zolendewera mbali iyi ndi iyo ya tayala lakumbuyo. Katundu akakhala m'munsi, pafupi ndi pakati pa tayala, njinga siyepayepa pokhota kapena podutsa mumchenga. Akaunjikidwa m'mwamba, kapena akakhala pamsana, amakukokerani kumbali mukangopendekera pang'ono. Chikwama cha pahandulo ndiye choopsa kwambiri chifukwa chimagunda bondo ndipo chikhoza kulowa m'masipokosi akutsogolo.

Zikwamazi sizilira ndalama zambiri. Telala wa pamsika akhoza kusoka kuchokera ku tenti yakale kapena matumba a feteleza ochapidwa bwino. Mkati mwa chikwama chilichonse, mbali yoyang'ana kutayala, muikemo kabolodi kopyapyala kapena pulasitiki yodula kuchigubu kuti nsalu isamakhudze masipokosi. Muonetsetsenso kuti chidendene sichikugunda chikwama popalasa.

Mbali yoyamba: ya maphunziro

Kuno kukhale mabuku, makope, zolembera ndi seti ya masamu. Mabuku aime chilili, olemera akhale pafupi ndi tayala. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula ikhoza kukupezani panjira, ndipo tayala limathira matope kuchokera pansi. Choncho mabuku ayambe alowa m'pulasitiki yochindikala, muipinde kukamwa kawiri, kenako ilowe m'chikwama. Wa Folomu 4 aganizire izi: manotsi a zaka ziwiri akanyowa inki n'kusungunuka, sangawalembenso onse mayeso a MSCE asanafike.

Qur'an kapena juzu ya kumadrasa ikhale m'kathumba kakekake koyera, ndipo iziikidwa pamwamba pa zonse. Isapsinjidwe ndi mabuku ena, isakhale pamodzi ndi nsapato, ndipo chikwama chomwe ilimo chisamaponyedwe pansi mukafika. Ulemu womwe timaipatsa kunyumba ndi kumzikiti usathere panjira.

Mbali yachiwiri: ya thupi ndi ya njinga

Pansi penipeni pakhale zida: pampu, zigamba, guluu womatira chubu, ndi sipanala yokwana manati a matayala anu. Muzikulunge m'kansanza kuti zisachite phokoso kapena kuboola chikwama. Minga ndi yambiri m'njira zodutsa m'minda, ndipo wokonza njinga sapezeka paliponse.

Pamwamba pa zida pabwere botolo la madzi lotsekeka bwino, loimirira, ndi kabakuli ka mbatata, chinangwa kapena mtedza. Madzi ndi chakudya zisakhale mbali imodzi ndi mabuku. Pamwamba pake muike kamkeka koswalira kopinda, chisoti kapena hijabu yapadera, ndi juzi m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Amene wagwa m'matope ali ndi chosinthira sadzaphonya swala ya Dhuhr chifukwa cha zovala zakuda. Chodzitetezera kumvula chikhale pamwamba pa zonse kuti muchitulutse msanga.

Mukamaliza, nyamulani zikwama zonse ziwiri m'manja. Zilemere mofanana. Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye botolo likatha masana, sunthani buku limodzi kapena awiri, ali m'pulasitiki yawo, kuti pobwerera mbali zilinganenso.

Kamangidwe ndi chitetezo

Ngati mulibe zikwama ziwiri, mangani chimodzi chogona pakaliyala ndi mphira zodula ku chubu chakale, imodzi m'litali, ina m'lifupi. Nsonga za mphira ndi malamba a chikwama zisalendewere. Atsikana, diresi lalitali ndi nsonga za hijabu muzizisonkhanitsa bwino musanakwere, pakuti nsalu ikakodwa mutcheni njinga imaima mwadzidzidzi.

Kaliyala wa njinga za Buffalo adapangidwa kuti azinyamula makilogalamu 100, koma njinga zambiri zomwe ana athu amakwera sizili choncho. Ndipo ngakhale kaliyala apirire, njinga yolemera imachedwa kuima mukagwira mabuleki. Izi n'zofunika kwambiri pamsewu wa M1, makamaka nyengo yogulitsa fodya pomwe malole odzaza mabelo amakhala akupita ku msika wa Chinkhoma kapena ku Kanengo. Yendani kumanzere, m'mphepete, mmodzi kutsogolo wina pambuyo. Chikwama chisaphimbe kagalasi kofiira konyezimira kakumbuyo, maka kwa amene amaweruka kumadrasa dzuwa litapendeka.

Pempho kwa makolo ndi komiti

Makolo, mwana azilongeza madzulo atayang'ana ndandanda wa maphunziro a mawa, kuti asamasenze mabuku a sabata yonse. Kamodzi pasabata gwedezani kaliyala ndi dzanja, muone ngati manati ali olimba, muyesenso mabuleki. Musamuwonjezere thumba la kuchigayo pa ulendo wa kusukulu.

Akuluakulu a komiti, tikupempha kuti muganizire zoika pampu imodzi ndi bokosi la zigamba pasukulu pano, komanso kukambirana ndi telala mmodzi kuti asokere ana zikwama pamtengo wotsika. Njinga ndi mabuku ndi amana yomwe makolo adaivutikira m'munda. Tiyeni tiisamale, ndipo Allah awasunge ana athu popita ndi pobwerera.