Ku Hampi n'kofikika ngakhale m'thumba mutapepuka

Aliyense amene adagwirapo ndalama ya pepala ya 50 rupee ya ku India, imene idatuluka mu 2017, adaonapo chithunzi cha galeta la miyala kumbuyo kwake. Galetalo lilipodi, ndipo lili ku Hampi, m'chigawo cha Karnataka, mtunda wa makilomita pafupifupi 350 kuchokera mumzinda wa Bengaluru.

Amalawi ambiri amapita ku India kukaphunzira, kukapikula katundu kapena kuperekeza odwala, koma amabwerako atangoona chipatala ndi sitolo poopa kuti malo okopa alendo ndi a anthu olemera okha. Chonsecho ku Hampi munthu atha kukaona zambiri osagulitsa mbuzi za kumudzi.

Malowa adali likulu la ufumu wa Ahindu wa Vijayanagara, womwe udayamba mu 1336 m'mbali mwa mtsinje wa Tungabhadra. Ufumuwu udafika pachimake m'nthawi ya mfumu Krishnadevaraya, yomwe idalamulira kuyambira 1509 mpaka 1529. Mpwitikizi wina wamalonda, Domingo Paes, atafika kumeneko cha m'ma 1520 adayerekeza kukula kwa mzindawu ndi kwa Rome.

Koma chakudza sichiyimba ng'oma. Mu 1565 asilikali a ufumuwu adagonja pa nkhondo ya ku Talikota, ndipo adani adafunkha ndi kutentha mzindawo. Anthu adathawa, kudatsala mabwinja. Lero kuli zotsalira zoposa 1,600, monga akachisi, misika, nyumba zachifumu ndi ngalande za madzi, zomwe zidamwazikana pakati pa mapiri a miyala ikuluikulu yosanjikizana. Bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1986.

Njira yotchipa yopitira kumeneko ndi sitima ya pamtunda ya Hampi Express, yomwe imadutsa ku Bengaluru usiku n'kukafika m'tawuni ya Hosapete kukucha. Wokwera m'chipinda chogona chopanda makina oziziritsa mpweya amalipira zochepa, komanso amapulumutsa ndalama ya malo ogona usiku umenewo. Mipando imatha msanga, choncho tikiti ndi yofunika kugula kudakali masiku. Kuchoka ku Hosapete patsala makilomita 13 okha, ndipo basi za boma zimayenda pafupipafupi.

Nkhani ya pogona ndi yofunika kuisamala. Mu 2011 boma lidagwetsa nyumba ndi timasitolo tomwe tidamangidwa pamsika wakale wa kutsogolo kwa kachisi wamkulu, ndipo mu 2020 lidagwetsanso malo ogona alendo a kutsidya kwa mtsinje, ku Virupapur Gaddi, potsatira chigamulo cha khoti lalikulu. Mlendo wodalira nkhani zakale atha kukafika pamalo n'kupeza palibe denga. Zipinda zotsika mtengo zimapezeka ku Hosapete ndi ku Kamalapur.

Chosangalatsa n'chakuti malo ambiri ku Hampi ndi aulere. Palibe wolipiritsa munthu kukwera phiri la Matanga kukaona dzuwa likutuluka, kapena kukaima pafupi ndi chiboliboli cha Narasimha, chotalika mamita 6.7, chomwe chidasemedwa pa mwala umodzi mu 1528. Tikiti imafunika ku kachisi wa Vittala, komwe kuli galeta lija, ndipo yomweyo imalowetsanso munthu ku Lotus Mahal ndi ku makola a njovu za mfumu, bola akhale tsiku lomwelo. Alendo akunja amalipira zambiri kuposa eni dziko, koma ana osafika zaka 15 amalowa ulere.

Malowa ndi otambalala, moti wapansi amatopa. Ambiri amabwereka njinga ya kapalasa tsiku lonse. Wofuna kukwera tinjinga tamoto ta matayala atatu, kapena mabwato ozungulira ngati lichero omwe amayenda pamtsinje, agwirizane mtengo asadakwere. Paja safunsa adadya phula.

Chakudya chotchipa ndi thali, mbale ya mpunga yokhala ndi ndiwo zamasamba ndi nyemba zosiyanasiyana. Pafupi ndi kachisi wamkulu sagulitsa nyama kapena mowa chifukwa ndi malo opatulika. Nthochi ndi zambiri, koma wozinyamula poyera amagawana ndi anyani asakufuna.

Si zonse zomwe zili mabwinja. Kachisi wa Virupaksha, wa mulungu wawo Shiva, akugwirabe ntchito, ndipo nsanja ya pachipata chake ndi yotalika pafupifupi mamita 50. Wolowamo amavula nsapato, amavala zobisa mapewa ndi mawondo, ndipo sasokoneza opembedza ndi kamera. Mwambo wa eni ake suvuta kwa munthu woleredwa bwino.

Kuononga zinthu kumeneko ndi mlandu. Mu 2019 anyamata ena omwe adajambulidwa akugwetsa zipilala zakale adalipitsidwa 70,000 rupee aliyense, ndipo khoti lidawalamula kuti akadzutse zipilalazo.

Nyengo yabwino yopitira ndi kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale. Mu Epulo ndi Meyi dzuwa limaswa mtengo, ndipo miyala ya m'bwalo la kachisi imawotcha mapazi opanda nsapato. Masiku awiri ndi okwanira kuona malo akuluakulu, bola mlendo alawire m'mamawa atanyamula madzi akumwa a m'botolo ndi chipewa.