ACINYAMATA A KU SHIMABALA APATSIDWE MPATA M'MIPHAKATI

Munthu woyenda pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Kafue, akafika pa Shimabala amaona cipata colipirirapo magalimoto, fumbi la ku mgodi wa miyala ndi malole olemera opita ku Chirundu ndi ku Livingstone. Cimene saona ali m'basi ndi Akatolika osonkhana pa khonde la mnzao kuti amve Mau a Mulungu pamodzi, monga acitira m'maparishi a Arkidayosizi ya Lusaka.

Timagulu timeneti sitinayambe dzulo. M'caka ca 1973 mabishopu a bungwe la AMECEA anakumana ku Nairobi, ndipo mu 1976 anagwirizana kuti timagulu ting'onoting'ono ta Akristu tikhale maziko a nchito yonse ya ubusa. Ansembe anali ocepa, madera otalikirana. Mkristu woyembekeza Abambo okha akanakhala milungu yambiri wopanda womulimbikitsa. Ku Lilongwe Ambuye Patrick Kalilombe anagwira nchitoyi mwamphamvu, ndipo kumeneko timaguluti timachedwa miphakati. Anzathu Abemba amati ifitente.

Ambiri amatsata njira ya masitepe asanu ndi awiri yocokera ku Lumko, ku South Africa. Amayamba ndi kuitana Ambuye m'pemphero, nawerenga ndime ya Uthenga Wabwino. Aliyense amachula mau amene amukhudza, kenaka onse amakhala cete kanthawi. Akagawana zimene amva, amakambirana za nchito: ndani wadwala, ndi nyumba iti yagwa maliro, ndi mwana uti waleka sukulu. Potsiriza amapempheranso. Palibe mlaliki wapadera. Wosaphunzira ndi mphunzitsi amalankhula mofanana.

Koma apa ndi pamene pagona bvuto. Mwambo wathu umati mwana salankhula pamaso pa akulu, ndipo mwambowo sutsala pakhomo polowa mu mphakati. Mnyamata amaitanidwa kudzawerenga cifukwa maso ace ndi akuthwa, mtsikana kudzayambitsa nyimbo. Ikafika nthawi yogawana, onse awiri amaweramitsa mutu. Nanga angaulule bwanji za mowa, za cibwenzi kapena za kusowa nchito, azakhali ace ali pamphasa pomwepo? Akakhala cete miyezi ingapo amaleka kubwera, ndipo mseu uja uli pafupi ndi zokopa zace.

Ndico cifukwa cace m'maiko a AMECEA maparishi ena alola acinyamata kukhala ndi miphakati yaoyao. Kumeneko amasankha atsogoleri ao, amasunga okha thumba lao, amapita okha kukatunga madzi kwa nkhalamba. Katekisimu amene analoweza pokonzekera Ulimbitso amayamba kukhala ndi manja ndi miyendo. Akulu ena amaopa kuti ana akapatuka adzasocera. Manthawo ndi omveka, koma ife tiona kuti mkulu mmodzi wodziwa kumvetsera, wokhala kumbuyo, akwanira. Ndipo pa maliro ndi pa zikondwerero magulu onse akhale pamodzi monga kale.

Papa Yohane Paulo II atabwera m'dziko muno mu May 1989, anapatula nthawi yokumana ndi acinyamata ku Lusaka. Amene anamuimbira tsiku lija lero ndiwo makolo ndi agogo. Kwa inu makolo a ku Shimabala pempho ndi laling'ono: tsiku la Sondo masana mtsikana amasulidwe ku mbale ndi mtondo, mnyamata ku mbuzi, kwa maola awiri okha.