Kota inatha, koma mwana wa ku Nzama akadali m'mbuyo

Kwathu ku Nzama, m'boma la Ntcheu, m'kalasi mwathu munali mtsikana wina amene masamu ankawachita ngati akusenda mbatatesi. Aphunzitsi akajomba, ndiye ankaima kutsogolo n'kumatiphunzitsa. Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zitatuluka, anakhoza bwino, koma dzina lake linapezeka pa CDSS yoyenda ulendo wautali wapansi. Chaka chomwecho msuweni wanga wa ku Blantyre, wa sukulu ya pulayiveti ndi ma part time a madzulo, anasankhidwira ku sukulu ya national. Lero mnzanga uja amagulitsa kabichi pa Tsangano Turn-off.

Ndimamukumbukira nthawi zonse ikabuka nkhani ya kota pa Facebook. Kwa amene munali ana, kota inali njira yosankhira ophunzira potengera boma limene amachokera. Inayamba m'zaka za m'ma 1980 nthawi ya Kamuzu, Bingu wa Mutharika anaibweretsanso mu 2009, ndipo boma linaithetsa mu February 2020. Anzathu a kumpoto ankadandaula kuti mwana wokhoza bwino ankatsala, wokhoza pang'ono n'kupita. Dandaulo lawo linali lomveka.

Koma abale, tikamakangana timangoti Atumbuka, Alhomwe, Achewa, Angoni. Timaiwala kuti mwana wa ku Nzama ndi mwana wa kumudzi ku Chitipa ali m'bwato limodzi. Onse amaphunzira atakhala pansi, buku limodzi anthu angapo, usiku kuwerengera tochi ya foni. Mayeso a MANEB, kupatula phunziro la Chichewa, amabwera m'Chingerezi, chimene wa m'tauni amachimva pa TV tsiku lililonse. Ndiye tikati "wokhoza apite", kodi tikuyeza nzeru za mwana kapena thumba la makolo ake?

Chimandiwawa n'chakuti Nzama si malo achilendo ku sukulu. Ansembe a Montfort anatsegula mishoni kuno mu 1901, ndipo azigogo athu anayamba kalekale kugwira choko. Patha zaka zoposa 120, koma mwana wathu kukalowa Dedza Government Secondary School ikadali nkhani yoimbira nthungululu mudzi wonse.

Sindikuti kota ibwerere, ayi. Kufunsa mwana kumene agogo ake anabadwira kunatigawanitsa mokwana. Funso labwino ndi ili: waphunzira pa sukulu yotani? Kamuzu Academy itatsegulidwa mu 1981 inkatenga ana ochita bwino kuchokera m'boma lililonse. Unduna wa Zamaphunziro ungabwereke nzeru imeneyo n'kuifikitsa kumudzi: m'sukulu za national mukhale malo osungidwira ana amene aposa anzawo m'sukulu zosauka za m'zoni iliyonse, posayang'ana mtundu.

Nanga inu amene mukuwerenga pa foni, wanzeru wa m'kalasi mwanu uja ali kuti lero?