Lamulo la ku California Loletsa Chiwawa Pantchito

Wantchito wina atawombera anzake 9 pamalo okonzera sitima ku San Jose m'chaka cha 2021, aphungu a ku California, pokumbukira kuti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, anakhazikitsa lamulo lotchedwa SB 553, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2024. Tsopano olemba ntchito ambiri kumeneko ayenera kulemba ndondomeko yopewera chiwawa, kuphunzitsa antchito awo chaka ndi chaka, ndi kusunga kaundula wa zachiwawa kwa zaka 5, ngakhale kutakhala kuopsezana kwa pakamwa chabe. Chimene ine ndachiyamikira koposa n'chakuti bwana saloledwa kubwezera wodandaula, pakuti amphawi ambiri amameza malovu poopa kuchotsedwa ntchito. Kaundulayo satchula maina a anthu okhudzidwa. Amanena zinthu monga tsiku, malo, ndi chimene chinachitika.