Mmene ma router anali kuimbilana lamya kuti ndalama zisaonongeke

M'zaka za m'ma 1990, kampani yokhala ndi likulu ku Lusaka ndi nthambi ku Chipata inali ndi njila ziwili zolumikizila makompyuta ake. Inali kubweleka waya wa lamya wotsegula usana ndi usiku, wolipilidwa ndalama zambili mwezi ndi mwezi, kapena kugwilitsa nchito lamya wamba pamodzi ndi kacipangizo kochedwa modem. Ambili anasankha njila yaciwili.

Router ndi makina olondolela uthenga kucoka ku makompyuta a ofesi ina kupita ku inzake. Modem imasandutsa uthengawo kukhala kulila kumene waya wa lamya ungathe kunyamula. Uthenga wopita ku Lusaka ukafika pa router ya ku Chipata, iyo inali kuimba yokha nambala ya inzake, ziwilizi n'kuzindikilana ndi mau acinsinsi, uthenga n'kudutsa. Pakapita kanthawi popanda cotumiza, inali kudula lamya. Pa ma router a Cisco, nthawi yodikilayi inali masekondi 120 ngati katswili sanaisinthe. Motelo kampani inali kulipila mphindi zokhazo zimene yagwilitsa nchito.

Koma msampha unali pomwepo. Ma router ali ndi cizolowezi couzana njila zimene adziwa, ndipo oyendela dongosolo la RIP amacita zimenezi pa masekondi 30 alionse. Ngati katswili sanauze router kuti timauthenga totele si cifukwa coimbila lamya, masekondi 120 acete aja sanali kukwana. Lamya inali kukhala yotsegula usiku wonse, Ciwelu ndi Sondo yomwe, ofesi ili yokhoma, ndipo eni kampani anali kudziwa bilu itafika kale. Akatswili ocenjela anali kulemba okha njilazo mu router kuti makinawo asamafunsane.

Liwilo linali locepa. Ma modem awili pa lamya wamba sanali kupitilila ma bit 33,600 pa sekondi, cakuti cithunzi cimodzi ca ma megabyte 3 cikanatenga mphindi pafupifupi 12. Liwilo la 56,000 limene linavomelezedwa mu 1998 linali kufuna kuti mbali imodzi ikhale ndi waya wa digito, cinthu cimene maofesi ang'onoang'ono analibe.

Pamene mtengo wa mawaya okhalitsa unatsika, modem inasanduka njila yothawilako waya waukulu ukaduka. Lelo nchito imeneyi m'maofesi ambili imagwilidwa ndi SIM khadi ya 4G yolowetsedwa mu router.