Bango kapena nsenjere?

Kudambo la kwathu ndimamva ana akutchula udzu uliwonse wautali kuti bango, ndipo zimandikhudza. Bango ndi nsenjere n'zapachibale ndithu, koma sizofanana. Pozisiyanitsa, ine ndimayamba n'kuthyola phesi. La bango limakhala lamphako, n'chifukwa chake limang'ambika bwino posoka mphasa. La nsenjere ndi lodzaza m'kati ngati la chimanga. Kenako khudzani nsonga ya tsamba, koma mosamala: ya bango imabaya ngati singano. Tsamba la nsenjere ndi lalitali, lolendewera, laubweya woyabwa pamene lakumbatira phesi. Zikamasula, ngayaye ya bango imayanzika n'kumagwedezeka ndi mphepo, pomwe nsenjere imangotulutsa kamchira kachikasu. Ng'ombe zokha sizisokonezeka, zimathamangira nsenjere yanthete.