Zolemba monga nkhuku yapalasa? Masulani dzanja!

Imwe amene muli na kantemba, tsegulani buku la nkhongole muone zimene munalemba mwezi watha. Ni K10 kapena K70? Ngati imwe eni ake mwayamba kukanda kumutu, nanga kasitoma adzavomela bwanji pa month end? Ni cimodzimodzi kuli ba secretary ba cilimba na village banking: 4 akaoneka monga 9, ubwenzi wa zaka ungathele pa nambala imodzi cabe. Nayenso mwana wa Grade 12 polemba composition ya ECZ angakhale na nzelu, koma oconga sangapatse mamaki pa mau amene akangiwa kuwelenga.

Ambili amati ndiye mmene anabadwila. Iyai mwandi. Nthawi zambili vuto ni kulema kwa dzanja. Si mwaona kuti mizele yoyamba imakhala bwino, koma pofika pansi pa peji zilembo zayamba kugwa monga munthu wocoka ku bawa?

Manje yesani izi. Tembenuzani peji imene mwalemba, mupitilizepo cala kumbuyo. Ngati mumvela tumizele totumphuka, ndiye kuti mukanikiza maningi. Bolopeni si khasu. Igwileni na cala cacikulu na colozela, igone pa cala capakati, masentimita awili kapena atatu kucoka kunsonga. Cikhadabo cikayela, mwafinya kwambili, masulani.

Buku nalo lisakhale cilili kutsogolo kwanu. Ngati mulembela kumanja, lipendekeni kuti pamwamba payang'ane kumanzele. A dzanja lamanzele, lipendekeni mbali inayo. Ndipo makolo, mwana wa manzele musamumenye kuti asinthe dzanja. Mupatseni malo pa tebulo, nyali ikhale kumanja kwake kuti cithunzithunzi ca dzanja cisaphimbe zolemba. Imwe a kumanja, malaiti akapita, kandulo kapena ka solar ikani kumanzele.

Hardcover ikakhala yonenepa, pansi pa peji dzanja limalendewela mumwamba. Ikani buku lina pafupi kuti mkono utsamilepo. Kulembela pa bondo kapena mu minibasi, pamahampu, musayembekezele zozizwitsa. Ngati ni nkhongole, lembani pa kaunta pamene kasitoma akali pamenepo, muonetseni.

Bolopeni yodukiza inki itayeni. Ndiyo imakupangitsani kukanikiza na kubweleza-bweleza pa cilembo cimodzi. Pogula, iyeseni pa kapepala mukalibe kupeleka ndalama.

Zolemba zaudongo sizifuna maluwa. Zilembo zikhale pa mzele, zilingane msinkhu, ndipo pakati pa mau musiye mpata wokwana ka "o" kamodzi. Pa manambala, 7 muikeni kamzele pakati, 4 mumusiye wotseguka pamwamba, 0 mumutseke bwino kuti asasanduke 6. Mukalakwitsa, dulani na mzele umodzi, mulembe pambali. Kufutika na inki m'buku la ndalama kumabweletsa cikaiko olo muli oona mtima.

Peji ikatha, ikani bolopeni pansi, tambasulani zala, gwedezani dzanja pang'ono. Koma ngati zala zicita dzanzi kapena kuwawa sikusila olo mwapumula, pitani ku kiliniki akakuoneni.

Madzulo ano, lembani mizele isanu pang'onopang'ono, mupatse mwana wa Grade 4 awelenge mokweza. Akawelenga osakufunsani, ndiye kuti mwayamba bwino.